Tiona Mawa

Foni inalira cha m'ma 9 koloko usiku, Lachitatu la sabata yachiwiri ya Januwale 2023. Mvula inali kuwaza pamalata, ine nditakhala kale pamphepete pa bedi. Anali mlongo wanga. Ndinadziwa kuti waima pachulu cha kuseri kwa khola, chifukwa kwathu kuja, kupitirira Nsaru, netiweki imagwira pokhapo.

"Achimwene, atsibweni sali bwino. Atsegula m'mimba chipendekere dzuwa. Pano ayambanso kusanza."

"Adya chiyani?"

"Nsima ya nkhwani basi. Ndi mango masana."

"Ndi mangowo. Thamangira ku okala ukagule Flagyl, uwapatse awiri. Tiona mawa."

Mawu otsirizawo ndi anga, ndipo palibe amene anandikakamiza kuwanena. Ndinaika foni kumutu n'kugona tulo tofa nato.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti sindinali mbuli. Ana anga omwe anali pakhomo sabata imeneyo, chifukwa nduna ya zaumoyo, a Khumbize Kandodo Chiponda, inali italengeza kuti sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zisatsegulidwe kaye kaamba ka kolera. Madzulo aliwonse wailesi inkatchula odwala ndi omwalira, boma ndi boma, ngati zotsatira za mpira. Pakhomo la ofesi yathu panali ndowa ya madzi a kolorini, ndipo ndinkasambapo m'manja polowa ndi potuluka. Pulezidenti Lazarus Chakwera anali atalengeza kale pa 5 Disembala 2022 kuti mliriwu wasanduka ngozi ya dziko lonse. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma mlongo wanga atati atsegula m'mimba, mutu wanga unathamangira ku mango.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti zinatheka bwanji, ndipo yankho limene ndapeza silokoma. Ife a kumtunda kuno tili ndi kamtima kena kodziona otetezeka. Tikamva za ngozi zogwa mwadzidzidzi timaona Nsanje ndi Chikwawa, Shire atasefukira, anthu ali m'mitengo. Timaona napolo wa ku Phalombe. Tikamva za kolera timaona asodzi a pa Chilwa ogona m'zimbowera, kapena madoko a ku Mangochi ndi Nkhata Bay, ndipo ikalowa mu Lilongwe timati ndi ya ku Mgona ndi ku Mtandire, kumene mabanja angapo a lendi amalimbirana chimbudzi chimodzi. Kwa Kabudula, kwa Kalolo, kwa Khongoni, ngozi timaidziwa matalala akaboola fodya m'munda, kapena belo likabwezedwa ku okushoni ya ku Kanengo. Tinaiwala msanga kuti m'nyengo ya njala ya 2002, pamene anthu kuno ankasinja zitsa za nthochi ndi kulimbirana gaga, kolera inadwalitsa anthu oposa 33,000 m'dziko muno n'kupha pafupifupi 1,000. Njalayo timaikumbukira, timaitchula pabwalo ndi pamaliro. Kolera ya chaka chomwecho inatuluka m'makutu.

Mliri wa ulendo uno unayambiradi kutali. Wodwala woyamba anapezeka ku Machinga kumayambiriro kwa Malichi 2022, namondwe Ana atangogumula zimbudzi ndi kukwirira mijigo m'chigawo cha kummwera mu Januwale, Gombe n'kudzabwereza m'Malichi momwemo. Mwachizolowezi kolera imabwera ndi dzinja n'kupita nalo. Iyi sinapite. Inadutsa nyengo yozizira, inadutsa chilimwe chonse, inakwera ndi nyanja mpaka Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga, ndipo pofika kumapeto kwa chaka inali itaponda boma lililonse. Pamene inkazilala chapakati pa 2023, anthu pafupifupi 59,000 anali atadwala, oposa 1,700 atatisiya. Chifikire matendawa m'Malawi mu 1973 sitinaonepo mliri wa kolera wotere. Ndipo boma limene linatsogola, pa odwala ndi pa omwalira pomwe, silinali la kunyanja kapena la kuchigwa. Linali lathu lino la Lilongwe.

Koma ndikati ndinene zoona, ngozi ya kwathu sinayambire ku Machinga. Inayambira pamjigo, mu Seputembala.

Mjigo wa m'mudzi mwathu ndi wa mtundu wa Afridev, monga yambiri ya m'midzi ya dziko lino. Mbiri yake ndi yonyaditsa. Ntchito yopanga pampu imeneyi inayambira ku Malawi konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo cholinga chinali chakuti eni mudzi azitha kuikonza okha ndi sipanala imodzi, osadikira galimoto ya boma. Chimene chimatha kawirikawiri ndi timalabala ta pansi, timene timagwira madzi kuti akwere m'paipi. Ndiye mjigo sufa chikomokere. Umayamba wadandaula. Mwezi uno mayi apopa kasanu madzi asanatuluke, mwezi wamawa kakhumi, kenako ndowa imene inkadzadza asanamalize kulonjerana imafuna nkhani ya mudzi wonse. Wathu unadandaula miyezi ingapo aliyense akumva. Komiti ya mjigo inalipo, ndi buku lake, koma m'bukumo munali maina ambiri kuposa ndalama. Ena ankati sitipereka mpaka msungichuma afotokoze za chaka chatha. Ena ankati mjigowu anabweretsa ndi a bungwe, abwere adzakonze chinthu chawo. Ena ankadikira a phungu. Tsiku limene chogwirira chinangopepuka osatulutsa ngakhale dontho, atsibweni, amene anali mwinimbumba wathu komanso nduna ya mfumu, anakwera pachulu paja.

"Mphwanga, tatithandizako kuno. Mekaniki akuti zonse pamodzi sizikufika pa mtengo wa mbuzi."

Ndinati mwezi ukatha. Mwezi unatha, ndinalipira lendi ndi fizi. Unatha wina, ndinagula feteleza. Ataimbanso kachitatu anangoseka, nati, "Zengerezutu adalinda kwawukwawu, mphwanga." Nanenso ndinaseka. Mumtima ndinkati, mudzi wonsewo ulephere kusonkha, ndiye ndisenze ndekha chifukwa ndimavala tayi? Ndipo sindikana, mfundo ndinali nayo. Aliyense m'nkhani ya mjigo uja anali ndi mfundo.

Azimayi anabwerera kudambo, ku zitsime zosaya za m'madimba zimene timathirira mpiru ndi tomato. M'chilimwe madzi ake amaoneka oyera, ndipo anthu ankatonthozana kuti makolo athu ankamwa omwewa mpaka kumera imvi. Kenako mvula inagwa. Amene anakulira kumudzi akudziwa chimene dzinja limachita ndi zimbudzi zathu: mitengo yoyala pansi imakhala itafumbwa kale ndi chiswe, dothi likanyowa dzenje limagumukira mkati, m'mawa mumangopeza denga la udzu litakhala pansi. Ndipo chimbudzi chikagwa mu Disembala palibe amene amakumba china. Anthu ali kalikiliki kupalira, kubandira, kuthira feteleza, ena ayamba kuthyola fodya, ndipo chimanga chafika msinkhu wobisa munthu wonjuta. Zimene zasiyidwa m'mizere madzulo, mvula ya usiku imazitsitsira kudambo.

Kachilomboko kanafunika kungofika, ndipo njira zinali zambiri. Anthu ambiri amene kolera yalowa m'mimba mwawo sadwala n'komwe, amayenda bwinobwino, koma amataya kachilomboko ndi chimbudzi kwa masiku angapo, mwina mpaka khumi. Pa Khirisimasi ndi Nyuwere mudzi unadzaza ndi ife a m'tauni, ndi mabuledi athu ndi mapaketi a shuga. Ine ndinagonako masiku atatu. Ndinauona mjigo ndi maso angawa, chogwirira atachimanga ndi luzi, ana akusewera phada pasimenti youma. Ndinali nditabwera ndi madzi anga a m'botolo.

Za usiku wa Lachitatu uja ndinazimva kwa mlongo wanga pambuyo pake, pang'onopang'ono, chifukwa sankatha kuzinena ulendo umodzi. Flagyl anagula, atachita kumudzutsa mwini okala. Atsibweni anameza n'kusanza pompo. Pofika 11 koloko sankathanso kufika kuseri, anawaikira beseni. Chimene chinkatuluka sichinalinso chimbudzi. Anali madzi otuwa ngati otsukira mpunga, ongokhuthuka, m'mimba osapota. Kenako minofu ya miyendo inayamba kukokana, munthu wamkulu n'kumabuula ngati mwana. Maso analowa. Zala zinakwinyika ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Mawu anatha, kunatsala kunong'ona, ndipo chimene ankanong'ona chinali chimodzi: madzi.

Akazi awo anakaniza. Osawapatsa, anatero, akamwa ndiye akutsegula kwambiri. Sindiwaimba mlandu, chifukwa ambirife tinakula tikumva zomwezo, ndipo ukamaona munthu akusanza chilichonse chimene wameza, kumumana kumaoneka ngati chifundo. Koma kolera simagwira mtima kapena ubongo. Kachilomboka kamakhala m'matumbo n'kumatulutsa ululu umene umachititsa matumbowo kukhuthula madzi ndi mchere wa m'thupi, moti munthu wamkulu angathe kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Magazi amachepa n'kukhuthala, mtima umasowa chopopa, impso zimaima. Kunena mwachidule, munthu amafa ndi ludzu. Mankhwala ake enieni ndi kubwezera chimene chikutuluka, mosalekeza, ngakhale akusanza, pang'onopang'ono ndi kapu kapena supuni, uku mukumanga ulendo wa kuchipatala. Paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini. Ikasowa, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita yomweyo. Shugayo si wokometsera ayi. Ndi amene amalowetsa mchere kudutsa khoma la matumbo, ndipo madzi amatsatira mcherewo kubwerera m'magazi.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Mu 1971, pa nkhondo imene inabala dziko la Bangladesh, dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, anapezeka ali pakati pa othawa nkhondo ku Bangaon, odwala kolera ali mbwee pansi, madiripi atatha. Anasungunula mchere ndi shuga m'migolo n'kuuza achibale a odwalawo kuti aziwamwetsa ndi makapu. Kumene ankafa anthu atatu mwa khumi alionse, imfa zinatsika kufika pa anthu osakwana anayi mwa 100. Zaka zoposa 50 zinali zitapita chichitikire zimenezo. M'nyumba ya atsibweni usiku umenewo munali paketi ya shuga imene ndinabweretsa ine pa Khirisimasi, isanafike n'pakati pomwe. Mchere unali m'chitini pafupi ndi mafuwa. Kunena muyeso wake pafoni sikukanatha ngakhale mayunitsi a mphindi imodzi.

Cha m'ma 1 koloko mlongo wanga anati tiyeni nawo kuchipatala. Anakweranso pachulu mvula ikumunyowetsa, anandiimbira katatu, ine nditatsekera foni mawu. Abale anasonkhana pakhonde n'kuyamba kukambirana. Dera lathu si losowa zipatala kotheratu. Kuli cha Kabudula, kuli cha mishoni ku Nambuma, kuli St Gabriel's ku Namitete chimene masisitere a Carmelite ochokera ku Luxembourg anatsegula mu 1959, ndi zing'onozing'ono zina pakatipa. Chimene chimatalika m'dzinja ndi njira yochoka pakhomo kukafika pamsewu. Wa kabaza ya moto anati m'matope amenewa usiku sangayerekeze, komanso munthu wosatha kukhala tsonga amukweza bwanji. Ngolo inalipo, ng'ombe zinali m'khola. Chimene chinazisunga m'kholamo ndi mphekesera. Masiku amenewo kunkayenda nkhani, pa WhatsApp ndi pabawo, zoti kumatenti kuja akubaya anthu jakisoni wakupha, zoti a chipatala amalandira ndalama pa mutu uliwonse, zoti mtembo amaubweza m'pulasitiki kuti musaone zimene achotsa. Sizinali za kwathu kokha. Ku Balaka mu Febuluwale anthu anafika pomenya ogwira ntchito zachipatala. Ndipo bodza limeneli lili ndi pomera pake. Anthu ankapita ndi odwala awo atauma kale, n'kukamwalira atangofika, otsala n'kumati wapita wamoyo, wabwera mtembo, amupha. Wodwala wotsatira ankasungidwa pakhomo nthawi yotalikirapo, ndipo nayenso ankakafera pageti.

Msuweni wina anakumbutsa anthu kuti atsibweni anali ndi mlandu wa malire a munda, choncho izi mwina si za chipatala. Anagwirizana kuti kuche kaye. Wina anawonjezera kuti ngakhale wa m'tauni uja, wophunzira uja, wanena kuti tiona mawa.

Tambala woyamba atalira anamanga ng'ombe. Anawagoneka pamphasa m'ngolo, atawafunditsa bulangete ndi pepala la pulasitiki la pachigafa. Anatsirizika asanaoloke mlatho wachiwiri, kum'mawa kukungofiira. Chiyambire kutsegula m'mimba sipanathe maola 15, ndipo ameneyu ndi munthu amene Lachitatu m'mawa anali kubandira chimanga.

Ngolo inatembenuka.

Kulakwa kwanga kwachiwiri ndinakuchita ndili maso, masana, nditavala jekete. Nditafika ndinapeza akuluakulu atagwirizana kale kuti tinene kuti inali BP. Chifukwa chake ndinachimva bwino. Maliro a kolera amayendetsa ndi a zaumoyo: thupi amalipopera kolorini n'kulikulunga, salola kulisambitsa, salola kuchezera pasiwa, salola kuphika, ndipo amaika mwamsanga anthu ochepa ataima patali. Kwa Mchewa, kuika mwinimbumba mwa njira imeneyo kuli ngati kutaya galu. Abale a ku Mpingu, a ku Nambuma, a ku Namitete, ena a ku Mchinji, anali asanafike n'komwe. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinaona zala zija ndi maso aja, ndipo ndinadziwa. Ndinakhala chete. Ndinatulutsa ndalama ya ufa, ya mbuzi, ya matabwa a bokosi, ndalama imene ikanakonza mjigo uja kangapo, ndipo ndinaitulutsa mosawerenga.

Mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu anafika pa njinga yake atamva manong'onong'o, mnyamata ndithu, yunifolomu yake yabuluu ili matope mpaka m'maondo. Anagwada pamaso pa mfumu n'kupempha zinthu zochepa: thupi lisasambitsidwe, madzi onse a pamaliro athiridwe kolorini amene wabwera naye m'chigubu, ndipo posamba m'manja anthu azithirirana, osapisa m'beseni limodzi. Anamuyankha ndi ulemu wa pamaliro uja, wakuti tamva, tikambirana. Wina kumbuyo ananong'ona kuti akufuna alawansi ameneyu. Chigubu anachilandira ndi manja awiri n'kukachiika kuseri kwa nkhokwe.

Thupi linasambitsidwa monga mwa mwambo. Mphasa, bulangete ndi beseni lija zinakatsukidwa kudambo, chifupi ndi zitsime. Madzi ophikira, madzi akumwa olira, madzi opita kumanda kwa adzukulu, onse anachokera komweko. Beseni losambira m'manja linayenda mzere wonse wa azibambo, kuyambira kwa akulu, madzi ake omwewo, pofika kwa anyamata atasanduka phala. Anthu analira bwino, anadya bwino, ndipo pobalalika Lachisanu aliyense ankati maliro ayenda mwaulemu.

Kolera imatenga pakati pa maola 12 ndi masiku asanu kuti ionekere. Lamlungu anagwa adzukulu awiri. Lolemba anagwa mmodzi mwa amene anasambitsa thupi, ndipo uthenga unafika kuchokera kumudzi wina kuti mayi amene anabwera kudzatipepesa wagonekedwa. Alendo athu tinali titawapatsa kamba wa paulendo. Usiku wa Lolemba lomwelo anayamba kutsegula m'mimba mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 7.

Ulendo uno mlongo wanga sanakwere pachulu. Sanaitanenso abale pakhonde. Tsiku la maliro mlangizi uja, atakanidwa ndi akuluakulu, anapatukira kukhitchini n'kuuza azimayi ochepa muyeso wa shuga ndi mchere, ndipo iye anausunga. Anawiritsa madzi, anasungunula, anathira m'botolo, anabereka mwana wamkulu ngati ameneyo kumbuyo n'kuyenda mumdima mpaka pamsewu, akuima pang'onopang'ono kumumwetsa. Kumeneko anapeza njinga ya moto. Ine ndinamva m'mawa, kwa munthu wina.

Ndinawapeza m'tenti imene anthu ankaiopa ija. Pakhomo umaponda m'madzi a kolorini, n'kusamba m'manja. Mkati muli mabedi oboola pakati, ndowa pansi pake, ina pambali ya masanzi, madiripi akulendewera pachingwe. Anamwino anali otopa moti wina ankayankhula maso ali chitsinzinire, koma wodwala akangolowa ankadzuka kufunafuna mtsempha pa mkono wouma, ntchito yovuta kwambiri munthu akafika mochedwa. Mwana amene anafika maso atayamba kulowa, pofika madzulo ankapempha phala. Tsiku lachitatu anatuluka akuyenda yekha. Adzukulu aja nawo anachira, chifukwa mudzi unali utachita mantha a mtundu wina ndipo palibe amene anadikiranso tambala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chithandizo chikafika pa nthawi yake, omwalira ndi kolera safika mmodzi mwa odwala 100. Mu mliri wathu uja ankafa pafupifupi atatu mwa 100. Ndipo atsibweni sali n'komwe m'chiwerengero chimenecho. Iwo anafa ndi BP.

Anzanga ku ofesi ndikawafotokozera amathamangira kufunsa za katemera. Katemera analipo, koma ochepa dziko lonse lapansi. Mu 2022 kolera inabuka m'maiko ambiri nthawi imodzi, ku Haiti, ku Syria, ku Lebanon ndi kwina, moti mu Okutobala amene amasunga nkhokwe ya katemerayu analamula kuti munthu azimwa kamodzi m'malo mwa kawiri kuti akwanireko. Malawi analandira katemera 2.9 miliyoni mu Novembala, dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni. Pa 13 Febuluwale 2023 Pulezidenti anakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera ku Mgona, kolorini n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, ndipo mwezi wotsatira namondwe Freddy anagwetsa mapiri kummwera, anthu oposa 1,000 n'kufa kapena kusowa. Zonsezi zinali zothira madzi nyumba itayaka kale. Mzinda wa London unathana ndi kolera popanda katemera. Mu 1854 dokotala John Snow anayenda khomo ndi khomo kulemba nyumba zimene munali maliro, anapeza kuti zazungulira pampu imodzi ya pa Broad Street, n'kupempha akuluakulu kuti achotse chogwirira chake. Pambuyo pake anakumba ngalande zoti chimbudzi chisakumanenso ndi madzi akumwa, kolera n'kutha. Nkhaniyi imandiseketsa kuseka kowawa: kumeneko anapulumutsa anthu pochotsa chogwirira cha pampu yoipa, ife tinaika munthu m'manda chifukwa chomanga luzi chogwirira cha pampu yabwino.

Mu 2015, ku Sendai m'dziko la Japan, maiko anagwirizana kuti nzeru ndi ndalama zizipita kochepetsa chiopsezo ngozi isanagwe, ndipo miliri anaiwerengera pamodzi ndi zivomezi ndi madzi osefukira. Kwathu kuno malamulo a za ngozi amabadwa maliro atachitika: loyamba mu 1991 napolo atakokolola midzi ku Phalombe, latsopano mu 2023 Freddy atangodutsa. Sindingaloze chala, poti ine ndi mudzi wanga tinachita chimodzimodzi. Papepala midzi ili ndi makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, olumikizana ndi khonsolo mpaka kukafika ku nthambi ya DoDMA. Yathu tinkaikumbukira nthawi yolemba maina a olandira chimanga. Palibe mmodzi wa ife, wa m'komiti kapena wa kunja, amene anaganizapo kuti mjigo wakufa kutatsala miyezi iwiri kuti mvula igwe ndi nkhani yoimbira belu. Tinkadikira ngozi yobwera ndi mkokomo.

Mekaniki anabwera Loweruka lotsatira, pa njinga yakapalasa, zida zili m'kachikwama. Ndalama inachokera m'mbale ya chipepeso. Anamasula mutu wa mjigo, anasolola ndodo zachitsulo imodziimodzi, anyamata akuziyala paudzu, mpaka kunatuluka ya pansi penipeni. Anachotsa kalabala kakuda kong'ambika mbali imodzi, kokwana pachikhatho cha mwana. Anaika katsopano, anathira kolorini m'dzenjemo, anabwezera ndodo. Ola silinakwane. Madzi atatuluka palibe mayi amene analuluta. Anangondandika ndowa zawo mwakachetechete, akazi a atsibweni ali pa nambala yachitatu, duku lakuda lili kumutu.

Kalabala kaja ndinakatola, kali m'dirowa ya ku ofesi pamodzi ndi zolembera zakutha. Chaka chimenecho khomo lililonse m'mudzi linali ndi mpondagiya pafupi ndi chimbudzi, ndipo pamaliro anthu ankathirirana madzi ndi jagi. Lero zigubu zambiri zinang'aluka ndi dzuwa, mitengo yake anasonkhezera moto, ndipo pamaliro amene ndinapitako posachedwa beseni linali litabwerera pamzere wa azibambo. Ine ndinapempha kuti andithirire, wina n'kuseka kuti za m'tauni.

Sabata yatha foni inalira usiku, nambala ya mlongo wanga.

"Achimwene, mjigo wayambanso. Tikumapopa kasanu ndi kawiri madzi asanabwere."

Ndinamuuza kuti asatsike pachulupo, ndikutumiza ndalama pafoni pompano, ndipo andipatse nambala ya mekaniki ndimuimbire ndekha. Anati mekaniki uja anapita ku Joni chaka chatha, wina sakumudziwa. M'mawa mwake ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi, n'kukwera minibasi ya ku Nsaru kukafunsa pamsika.